Amjomba Anali Mkazi

Kwa chilimwe chathunthu, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, achinyamata a pa Balaka ankavina nyimbo ya mkazi akuyesa kuti woimbayo ndi mwamuna. Olakwitsa anali alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu. Woyamba kuzindikira ndinali ine, ndipo ndinakhala chete milungu isanu ndi umodzi.

Ndiyambe ndi za makina, chifukwa ana a lero gumbagumba sanaione. Nyimbo nthawi imeneyo zinkabwera pa mbale zakuda zapulasitiki. Mbale yaing'ono, yokula ngati chikhatho chotambasula, inkakhala ndi nyimbo imodzi mbali iliyonse ndipo inkazungulira ka 45 pa mphindi. Yaikulu, yokula ngati kalichero, inkanyamula nyimbo zisanu kapena zisanu ndi imodzi mbali iliyonse ndipo inkazungulira ka 33. Pambali pa gumbagumba pankakhala kachitsulo kosankhira liwiro. Yaing'ono 45, yaikulu 33. Lamulo limeneli alamu ankalisunga kuposa malamulo khumi a m'tchalitchi, ndipo kufikira chaka chimenecho linali lisanawanamizepo.

Alamu anali okonza mawailesi. Kashopu kawo kanali pafupi ndi siteshoni ya sitima, ndipo munkanunkha mtovu wosungunula ndi fumbi. Loweruka lililonse ankakweza pa wilibala gumbagumba, ampulifaya ndi masipika awiri amene anakhoma okha, n'kukankha mpaka ku holo ina imene nyengo yokolola munkasungidwa matumba a thonje. Disiko inkayamba 2 koloko masana n'kutha 6 koloko isanakwane. Achemwali ankakhala pakhomo kulandira anthu ndi kugulitsa mandasi. Ine ndinali mtolankhani wa chigawo chimenecho. Nthawi imeneyo Balaka sanali boma payekha, ankawerengedwa ku Machinga, choncho ndinkayenda pakati pa Balaka, Liwonde ndi Ntaja kutola nkhani za thonje, za kukhoti ndi za misonkhano n'kumazitumiza ku Blantyre.

Disiko sikanachitika popanda chilolezo cha a tcheyamani a chipani a dera lathu. Iwowa anali telala, munthu wamfupi, waukhondo, wosavula kofiya yoyera, wosokera pakhonde la sitolo ina moyang'anana ndi msika. Sanali ankhanza. Vuto lawo linali lakuti ankakonda kumva mawu awo akubwerezedwa ndi anthu ena. Chaka cham'mbuyo anali atatseka disiko ya alamu kwa miyezi inayi, chifukwa pa nyimbo ina yothamanga mtsikana wina anadumpha mpaka chitenje chinamasuka, ndipo mtsikanayo anali mdzukulu wa munthu wamkulu. Potsegulanso anaika malamulo atatu: khadi la chipani pakhomo, kuweruka dzuwa lisanalowe, ndi kusaika nyimbo zothamanga.

"Nyimbo yothamanga imathamangitsa ana a eni," anatero, n'kudikira kuti wina abwereze. Alamu anabwereza, a tcheyamani n'kupitiriza: "Ndikadzamvanso ina, holo iyi ibwerera ku thonje mpaka kalekale."

Mawailesi ndiwo ankawadyetsa alamu, koma dzina linkachokera ku disiko. Loweruka ankavala malaya ofiira a kolala yaikulu, anthu n'kumawapatsa moni kuchokera kutsidya kwa njanji. M'miyezi inayi yotsekedwa ija anaonda, ndipo achemwali amati ankawapeza akupukuta masipika ngati akusambitsa mwana. Atatsegulanso anakumana ndi vuto lina. Mbale zodekha zimene anali nazo zinali zakale, ana anali atatopa nazo, ndipo Loweruka lina ndinawerenga anthu khumi ndi mmodzi m'holo monse, kuphatikizapo a tcheyamani amene ankabwera kudzayang'anira malamulo awo.

Thandizo linachokera ku Joni. Msuweni wa alamu, wa ku Nsanama, amene ankagwira ntchito m'migodi, anatumiza katoni kudzera mwa dalaivala wa thiraki. Munali mbale zisanu ndi zitatu, zonse zazikulu, zonse zopanda zikuto zake. Zikutozo anazichotsa dala. Zinali ndi zithunzi, ndipo zithunzi za akazi ovala moperewera zinkalandidwa pachipata cholowera m'dziko, nthawi zina pamodzi ndi wonyamula. Kalata yake inali yaifupi: "Izi n'zatsopano. Kuno akuzitcha hausi. Disiko yatha."

Mbale yatsopano iliyonse inkayenera kudutsa m'makutu a a tcheyamani isanalowe m'holo. Anabwera kushopu Lachinayi m'mawa, tepi yoyezera ili m'khosi.

"Mukuti hausi? Hausi yake ya ndani?"

"Ndi dzina chabe, a tcheyamani. Tinene kuti nyimbo za m'nyumba."

"Za m'nyumba. Ndiye kuti n'zaulemu. Taikani timve."

Alamu anatola mbale imodzi ya chikwangwani chachikasu pakati. Inali yaikulu, ndiye anaika pa 33 osayang'ana n'komwe. Ng'oma inayamba, yolemera, du, du, du, ngati wina akusinja kumudzi wa kutsidya. Piyano inalowa ikuyenda ngati munthu wochokera kumaliro. Kenako panatuluka mawu: okhuthala, akuya, ochokera pansi pa mchombo. Chingelezi chake chinali chokokeka moti ngakhale ine, wodya nacho, sindinatolepo liwu.

A tcheyamani anatsinzina.

"Uyu ndi munthu wamkulu," anatero. "Mukumva? Sakuthamanga. Akudziwa kumene akupita. Awa ndi amjomba athu awa."

Dzina linabadwira pomwepo. Kwathu kuno mjomba ndi malume, munthu amene akayankhula pa mlandu onse amakhala chete. Pofika Loweruka lachitatu holo inali yodzaza, ana akukuwa, "Ikani Amjomba! Amjomba abwereze!" Kunabadwanso kavinidwe kake. Munthu ankakhwekhwereza mapazi, zigongono zikuzungulira pang'onopang'ono m'nthiti, ena atandandana pambuyo pake. Ankakatcha Yakatundu, potengera sitima yonyamula katundu imene inkadutsa pa siteshoni pathu ngati yokakamizidwa. A tcheyamani, amene kale ankakhala pampando pafupi ndi zenera manja ali pamimba, anayamba kugwedeza phewa. Sabata lachisanu anaimirira. Pamsonkhano wina ndinawamva akuuza achinyamata kuti aziyenda m'moyo ngati Amjomba, ndipo mawuwo ndinawalemba m'kope langa.

Panali chizindikiro chimodzi chimene chikanatidzutsa. Mbale yaikulu yonseyo inali ndi nyimbo imodzi yokha mbali iliyonse. Nditafunsa, alamu anayankha kuti azungu alemera, akungomwaza pulasitiki.

Chinandiululira chinali chizolowezi cha ntchito. Ndinafuna kulemba kankhani kakuti ku Balaka kwabuka gule watsopano, ndipo amene anandiphunzitsa utolankhani ankati dzina la munthu usalembe usanalione ndi maso ako. Ndinapita kushopu Lachiwiri m'mawa kukaona dzina lenileni la Amjomba pa chikwangwani chachikasu chija. Dzina linalipo, koma silinkaonetsa ngati n'la mwamuna kapena la mkazi. Pansi pake panali manambala awiri aang'ono.

"Alamu, apa palembedwa 45."

"Ndi mtengo wake umenewo," anatero osadzutsa mutu pa wailesi imene ankakonza.

"Mtengo amalemba pakati pa mbale?"

"Ndiye ndi nambala ya nyumba. Simunamve kuti ndi hausi?"

Panafika munthu ndi wailesi pa njinga, alamu n'kutuluka kukamulandira. Ndinaika mbale, n'kukankha kachitsulo kaja.

Ng'oma inanyamuka ngati yaponda moto. Piyano imene ndinkaidziwa ngati yamaliro inayamba kudumpha. Ndipo pamalo pamene Amjomba ankalowera panalowa mkazi, mawu akuthwa, owala, okwera mpaka kumalata. Chingelezi chonse chinamveka bwinobwino. Mayiyo ankauza mwamuna wina kuti asachedwe, chitseko sanakhome.

Alamu analowa akuthamanga.

"Mwandiphera makina! Mwakhudza pati?"

"Sindinaphe kanthu. Ndaika pa 45."

"Yaikulu ndi 33!"

"Iyi yokha iyayi. Tamverani ng'omayo, alamu. Ikumveka ngati yodwala?"

Anamvera. Anali munthu wodziwa nyimbo, ndipo nkhope yawo inavomera pakamwa pasanavomere. Nthawi yomweyo achemwali analowa ndi tiyi ndi chinangwa chophika. Anaima pakhomo, namvetsera, nayang'ana mbale yachikasu ikuzungulira. Anaika pansi thireyi mosamala, kenako anakhala pansi iwonso, n'kuseka mpaka misozi.

"Ndimadabwa ine," anatero akupukuta m'maso. "Mwamuna wanji wodandaula mphindi khumi osapempha chakudya?"

Alamu anatseka chitseko ndi zenera, n'kuchotsa singano.

"Alamu," anandiuza, "ndakugwirani mwendo. Ndikudziwa kuti pakamwa panu pali nyuzipepala. Koma a tcheyamani akamva ichi, ine ndatha. Nyimbo yothamanga, ya mkazi, yoitana mwamuna. Malamulo onse ali m'mbale imodzi."

"Khadi lokha ndiye simunaphwanye."

"Musaseke. Lonjezani."

Ndinalonjeza. Sizinali zovuta. Mtolankhani wa nthawi imeneyo ankadziwa bwino kusunga zoona m'kope, ndipo ine ndinali ndi makope atatu odzaza. Koma ndinalonjeza kusaulula, sindinalonjeze kusasereula. Chilamu chili ndi ufulu wake.

Loweruka lotsatira ndinakhala pafupi ndi a tcheyamani, alamu ali chapomwepo pa gumbagumba.

"A tcheyamani, mukawamva Amjombawa, mukuganiza kuti ali ndi zaka zingati? Ine ndikuti 45."

"33!" anakuwa alamu.

"Iyayi," anatero a tcheyamani atalingalira. "33 ndi mwana. Mawu awa ndi a munthu woona zambiri. A nyuzi akunena zoona, 45."

"Mwamva, alamu? A tcheyamani agamula. Ndi 45."

Alamu anatuluka thukuta mpaka malaya ofiira anada kumsana. Madzulo ake anandiperekeza mpaka kunyumba kwanga akundinyamulira chikwama, chinthu chimene sanachitepo chikwatirire achemwali. Sabata lina ndinafunsa ngati Amjomba ali pabanja. A tcheyamani anati munthu wotere sangakhale mbeta, ndipo akazi ake ayenera kuti ndi odala. Achemwali pakhomo anatsamwa ndi mandasi.

Zikanapitirira choncho mpaka mbale kutha mizere. Koma nyengo imeneyo anthu a kumigodi ankabwerera kwawo ambiri, ndipo kunabwera kalata yakuti msuweni uja afika Lachisanu pa sitima yochokera ku Limbe, agona kwa alamu, aone disiko Loweruka, Lamulungu apitirire ku Nsanama. Munthu ameneyu nyimboyo anali ataivina ku Joni pa liwiro lake.

Alamu sanade nkhawa kwambiri. Anati amukokera pambali, amunong'oneze, nkhani ithe. Sitinkadziwa kuti makina obowolera miyala pansi pa mgodi anali atamutseka makutu. Anatsika sitima mtchona weniweni, chipewa cha nthenga, jekete yachikopa pa dzuwa la Okutobala, sutikesi ziwiri, ndi mawu omveka mpaka kumsika. Zaka zimenezo chilichonse chofunika chinkanenedwa monong'ona. Munthu wosamva kunong'ona anali woopsa kuposa kazitape.

Ndinalipo pamene alamu anayesa, kuseri kwa nyumba.

"Asuweni, za mbale zija."

"MBALAME? ZATANI MBALAME?"

"Mbale. Zimene munatumiza."

"EYA! ZABWINO ETI? MAYI UJA AMAIMBA!"

Alamu anamutseka pakamwa ndi dzanja. Mpanda wa nyumbayo unali wa udzu, ndipo kuseri kwake kunkakhala mlembi wa nthambi ya chipani. Anayesa kulemba papepala. Msuweni analitembenuza kawiri n'kulibweza. Kalata zija, tinamva tsiku limenelo, ankamulembera kalaliki wa pamgodi.

Panatsala njira imodzi. Ine ndimutenge mtchonayo Loweruka masana, ndikamuonetse tauni, ndimubweze 6 koloko itadutsa.

Ndinamutengadi. Tinaona msika, tinaona tchalitchi, tinadya kanyenya pafupi ndi depoti ya basi. Cha m'ma 3 koloko tinafika pamphambano ina. Njira yakumanzere inkapita kuchigayo, yakumanja kuholo. Lero ndikhoza kuvomera, poti alamu anandikhululukira kalekale: msuweni sanandikoke. Ndinaima pamphambanopo ndikuganiza kuti nkhani ngati iyi munthu amakumana nayo kamodzi, ndipo mapeto ake ndikapanda kuwaona ndidzadandaula moyo wonse. Tinakhotera kumanja.

Achemwali pakhomo atationa anagwira pamutu.

"Iwe, wapenga?"

"Akuti akufuna mandasi."

Msuweni anaonetsa khadi limene anamugulitsa pa siteshoni dzulo lake, n'kulowa. Amjomba anali pakati pa nyimbo. Mzere wa Yakatundu unali utazungulira holo yonse, ndipo kutsogolo, pamalo pa injini, kunali a tcheyamani, maso ali chitsinzinire. Alamu atationa anatong'ola maso.

Mtchona anaima pakati pa holo. Kumva sankamva, koma anayenda mpaka pa sipika n'kuikapo chikhatho. Anakwinya nkhope. Anasuzumira pa gumbagumba n'kuyang'ana mbale yachikasu ikuzungulira mwaulesi.

"MAGETSI AFOOKA KODI?"

Alamu anapukusa mutu, manja ali m'mwamba ngati wogwidwa.

"IYI NDI YA 45, MSUWENI! MUKUIKOKA NGATI NG'OMBE YODWALA!"

Anatambasula chala n'kukankha kachitsulo.

Amjomba anali pakati pa liwu lalitali. Liwulo linakwera, linakwera, n'kusanduka mkazi anthu onse akumva. Sitima yakatundu inagundana mabogi. Ndinawerenga kugunda kwa ng'oma kasanu ndi katatu popanda munthu wosuntha. Kenako mtsikana wina wogwira ntchito pa sitolo ya nsalu anaponya manja m'mwamba n'kukuwa, ndipo holo yonse inaphulika. Fumbi la thonje la zaka zitatu linatsika kudenga. Mtchona analowa pakati, jekete ili m'manja, akuonetsa mmene amachitira ku Joni. Ndinayang'anitsitsa, monga mwa ntchito yanga, ndipo ndikuchitira umboni kuti chitenje sichinagwe n'chimodzi chomwe.

Alamu anakumbuka kuti ali ndi manja, n'kuchotsa singano. Kunangoti zii.

A tcheyamani anali ataima pamene nyimbo inawasiya, chigongono chimodzi chili m'mwamba. Anachitsitsa pang'onopang'ono.

"Amjomba apita kuti?"

Alamu anandiyang'ana ine. Anthu onse anandiyang'ana ine, poti ndinali wophunzira.

"Alipo, a tcheyamani," ndinatero. "Ali momwemo."

"Nanga mayiyu walowera pati?"

A tcheyamani anayenda mpaka pa gumbagumba, nauza alamu kuti abwezere singano. Anagwira okha kachitsulo kaja. Anakankhira uku: Amjomba. Anakankhira uko: mayi. Amjomba. Mayi. Amjomba. Telala amadziwa kuti ulusi ndi womwewo, chosintha ndi phazi lopalasa. Ndinaona pankhope pawo nthawi imene anamvetsa. Kumbuyo wina analephera kudzigwira n'kuseka kudzera m'mphuno.

"Lolemba, 8 koloko, pakhonde panga," anatero. "Mubwere ndi mbaleyo. A nyuzi, nanunso."

Anakonza kofiya n'kutuluka. Disiko inathera pomwepo, 4 koloko isanakwane.

Lamulungu msuweni ananyamuka kupita ku Nsanama ali wokondwa, akuuza aliyense pa siteshoni kuti wawakonzera makina abale ake. Alamu sanadye tsiku lonse. Kwa ine anayankhula mawu anayi okha: "Kuchigayo kunali kutali, eti?" Apa mpamene kuseka kunandithera. Ndinaona malaya ofiira atapachikidwa pa msomali, ndipo achemwali sanandipatse mpando.

Lolemba tinafika nthawi isanakwane. A tcheyamani anali pa makina, akusoka buluku la sukulu. Anatisiya chiimire mpaka anamaliza mwendo umodzi.

"A nyuzi, Chingelezi mumachidziwa. Mayiyu akuti chiyani?"

Ndinayang'ana alamu. Anayang'ana pansi.

"Akuuza mwamuna wina kuti asachedwe."

"Asachedwe kupita kuti? Kuntchito?"

"Kubwera. Akuti chitseko sanakhome."

Makina anaima. A tcheyamani nyimboyi ankaing'ung'udza pakhonde pomwepo tsiku lililonse, akuyeza akazi a eni m'chiuno.

"Munadziwa liti?"

"Papita milungu isanu ndi umodzi."

"Ndiye munkandifunsa zaka."

"Ndinalakwa, a tcheyamani. Alamu sanachite dala. Wowalakwitsa ndi amene anapanga mbale yaikulu yothamanga ngati yaing'ono. Wobweretsa mtchona kuholo ndine."

Anadula ulusi ndi mano. Kenako anayankhula motsitsa mawu, akuyang'ana ngati kumsika kuli wotchera khutu.

"Lamulo langa mukulidziwa. Holo iyenera kutsekedwa." Alamu anagwira mzati wa khonde. "Koma ndikatseka, ndiyenera kukafotokoza pamsonkhano chifukwa chake. Ndikanene kuti chiyani? Kuti ine, munthu wopemphera swala zisanu pa tsiku, ndatsinzina chilimwe chonse kumvera mkazi wa eni akundiitanira kunyumba? Kwanga kuli akazi awiri. Sagwirizana pa chilichonse, koma pa ichi agwirizana."

Sindinaseke. Ndi chimodzi mwa zinthu zovuta zimene ndinachitapo pa ntchito yanga.

"Ndiye mverani. Chilolezo ndinapereka kwa Amjomba. Mayiyo sindimudziwa, khadi lake sindinalione. Loweruka muike pa 33."

Ndinaganiza kuti alamu agwada n'kuthokoza. Sanatero. Anatembenuza mbale m'manja.

"Zikomo, a tcheyamani. Koma ana aja amumva kale mayiyo. Ndikawaikira Amjomba adzandigenda ndi mandasi, ndipo Loweruka linalo sadzabwera. Mukhala ngati mwatseka ndithu, kungoti chitseko chili pululu."

"Mukutsutsana ndi ine?"

"Iyayi. Ndikungonena za ana."

A tcheyamani anatenga ulusi wina n'kuyamba kulowetsa pa singano. Munthu amene ankalowetsa ulusi osayang'ana, tsiku limenelo anaphonya katatu.

"Ng'oma ija," anatero osatiyang'ana, "ikathamanga, imamveka bwino pang'ono."

Ulusi unalowa, ndipo anapitiriza.

"Ine Loweruka ndimafika 2 koloko. Ndikufuna ndidzapeze Amjomba. Ikakwana nthawi ya swala ya alasiri ndidzapita kumzikiti. Kumzikiti n'kutali, ndipo ine ndi wamkulu, ndimayenda pang'onopang'ono. Zochitika kuholo nthawi imeneyo sindingazidziwe. Pobwerera, ndikafika panjanji, ndidzaima kumanga chingwe cha nsapato."

Ndinayang'ana kumapazi kwawo. Anali atavala nsapato zongolowetsa, zopanda zingwe.

"A nyuzi, mwalemba?"

"Iyayi, a tcheyamani."

"Ndinu mtolankhani wabwino."

Makina anayambanso kulira, kutanthauza kuti tizipita.

Tinayenda ndi alamu mpaka kuwoloka njanji. Pamenepo anaima, nayang'ana kumene kuli holo, nayeza ndi maso ngati munthu woima pakhomo angaone bwino malowo. Anapeza kuti angaone.

"Inu mudzaima pakhomo ndi achemwali anu," anatero. "Maso panjanji. Kuvina iyayi. Ndicho chilango chanu."

"Milungu ingati?"

"45."

Kushopu anatulutsa katoni ija n'kuyala mbale zina zisanu ndi ziwiri patebulo. Chitulukire chinsinsi anali atakana kuziyesa pa liwiro lake, ati chimene sunamve sichikuzenga mlandu. Tsopano anayang'ana chikwangwani chilichonse pafupi ndi zenera. Zisanu zinali za 45. Anawerengera kuti kuchokera pa alasiri mpaka a tcheyamani kufika panjanji mungalowe nyimbo zisanu, kapena zisanu ndi imodzi ngati mapemphero atalika, ndipo anayamba kukangana ndi achemwali kuti iyambe ndi iti.

Holo inayenera kutsegulidwa Loweruka 2 koloko monga mwa nthawi zonse. Alasiri nyengo imeneyo inkagwa cha m'ma hafu pasiti 3. Pofika Lachitatu mbiri inali itafika ku Liwonde, ndipo anyamata a kumeneko anatumiza uthenga kuti abwera pa sitima yam'mawa.